Kalata yotseguka kwa akuluakulu a mzinda wa Mzuzu: tiikireni zitseko, ndipo munthu asavulidwenso

Olemekezeka a Meya ndi makhansala, aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo, akuluakulu a polisi ndi a ndende, oyang'anira zipatala ndi sukulu, mafumu, abusa, ansembe ndi mashehe,

Ndikupereka moni kwa nonse mwaulemu, ndipo ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino ndi mabanja anu ngakhale kuzizira kwa kuno sikuchitira chifundo aliyense. Ine ndine mzamba wopuma ntchito, mayi wa mpingo, ndipo ndimakhala ku Chibavi. Ndalemba poyera chifukwa nkhani yoti ndani alowe m'zimbudzi ndi zipinda za amuna kapena za akazi anthu akuikamba kale poyera, m'minibasi, m'saluni ndi pa WhatsApp, pomwe inu amene mumasunga makiyi a zipinda zomwe tikukanganiranazo muli duu. Paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Ana athu akhala akutumizirana timavidiyo ta mikangano ya ku America ndi ku Britain. Mu Januwale 2025 a Donald Trump atangobwerera pampando wa pulezidenti wa America anasaina chikalata cholamula kuti boma lawo lizizindikira mwamuna ndi mkazi basi. Mu Epulo chaka chomwecho khoti lalikulu kwambiri la ku Britain, pa mlandu womwe gulu la amayi a ku Scotland linakasuma, linagamula kuti mkazi wotchulidwa m'lamulo lawo la 2010 loletsa tsankho ndi wobadwa mkazi. Ambiri ofalitsa nkhaniyi amalekera pomwepo. Sanena kuti oweruza omwewo anatsindikanso kuti munthu wobadwa mwamuna amene akukhala ngati mkazi, kapena wobadwa mkazi amene akukhala ngati mwamuna, lamulo likumutetezabe ku tsankho ndi nkhanza. Anzathuwo akulimbirana kuti ndani alowe chimbudzi chiti m'mayiko momwe chimbudzi chili ndi chitseko, loko ndi getsi. Ife tatengako mkangano wokha, zitseko tazisiya komweko.

Ndiyambe ndanena pomwe ndaima kuti pasapezeke wondinamizira. Sindikupempha kuti lamulo la ukwati lisinthe. Lamulo la maukwati la 2015 limati ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo limatengera mmene munthu anabadwira. Ndime 153, 156 ndi 137A za malamulo a milandu, zoletsa kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, zikadalipo. Boma litaimitsa kaye kumanga anthu pa milandu imeneyi, ndi khoti lalikulu la konkuno ku Mzuzu, pamaso pa woweruza Dingiswayo Madise, lomwe mu 2016 linamvera dandaulo la abusa ena n'kuletsa kuimitsako. Mu Julaye 2023 Akhristu ndi Asilamu anayenda m'misewu kukana maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Pa 28 Juni 2024 khoti lomva nkhani za malamulo oyendetsera dziko ku Blantyre linakana kufafaniza malamulowa, n'kunena kuti kusintha kwake ndi ntchito ya Nyumba ya Malamulo. Zonsezi ndikuzidziwa, ndipo pa za banja ndimakhulupirira chimene mpingo wanga unandiphunzitsa. Koma pa zigamulo zonsezi palibe ndi chimodzi chomwe chimene chinapatsa munthu, kaya wa yunifolomu kaya wogulitsa kaunjika, chilolezo chovula mnzake kuti aone chimene ali.

Dandaulo langa loyamba ndi lakuti anthu osiyanasiyana tawathira m'dengu limodzi n'kungowatchula kuti "za mathanyula". Alipo amuna ogona ndi amuna anzawo, ndi akazi ogona ndi akazi anzawo, omwe malamulo ndatchula aja amanena za iwo. Alipo obadwa ndi thupi lachimuna koma mumtima amadzimva kuti ndi akazi, enanso obadwa akazi koma amadzimva kuti ndi amuna. Alipo atsikana wamba, a mawu aakulu ndi mapewa otambalala, ometa tsitsi ndi okonda buluku, omwe sanakayikirepo n'kamodzi komwe kuti ndi akazi. Ndiyeno pali ana obadwa ndi ziwalo zosadziwika bwino ngati ndi zachimuna kapena zachikazi. Za omalizawa ndingachitire umboni, chifukwa ndawalandirapo ndi manja angawa.

Mwana akangobadwa, mayi asanapume n'komwe amafunsa kuti, "Anesi, ndi mwana wanji?" Panja agogo agwira kale foni kuti akauze akumudzi. Zinandichitikirapo kuti ndanyamula khanda lamoyo, lolira bwinobwino, ndaliyang'anitsitsa pansi pa getsi, koma choyankha palibe. Mayi amangoona nkhope yako n'kuyamba kulira usanayankhule. Pofika madzulo achibale ayamba kale manong'onong'o: ufiti, mankhwala omwe mayiyo anamwa, mwamuna wina amene mwina anayenda naye. Chonsecho palibe chimene mayiyo analakwa. M'masabata oyamba a mimba ziwalo za mwana aliyense zimayamba mofanana, kenako mahomoni ndi amene amaziumba kuti zikhale zachimuna kapena zachikazi, ndipo nthawi zina ntchito imeneyi simatha momwe tinazolowerera. Pali vuto lina la tiziwalo tokhala pamwamba pa impso lomwe limachititsa mwana wamkazi kubadwa akuoneka ngati wamwamuna. Ena mwa ana otere amataya mchere wam'thupi, ndipo sabata yachiwiri kapena yachitatu amayamba kusanza, kukana bere ndi kufooka. Akabisidwa m'chikuta chifukwa cha manyazi amamwalira, pomwe mankhwala ake alipo.

Wopulumuka amakumana ndi fomu yofuna kuti uchonge M kapena F. Makolo amasankha chomwe aona kuti chayandikira, n'kumupatsa dzina. Kenako pa kutha msinkhu thupi limalowera kwina: woleredwa ngati mtsikana mawu ayamba kukula ndipo ndevu zamera, kapena woleredwa ngati mnyamata wamera mabere. Mwana ameneyu ali Fomu 1, ndipo belu la buleki lalira. Akakodze kuti? Ku Kenya anavomereza kuti anthu otere alipo, ndipo pa kalembera wa 2019 anawerenga 1,524. Lamulo lawo la 2014 lokhudza anthu osungidwa m'manja mwa boma limalola munthu wobadwa chotere kusankha ngati amusecha ndi mwamuna kapena mkazi. Ife kalembera wa 2018 anapeza anthu 221,272 mu Mzuzu muno, onse m'mabokosi awiri, ngati kuti ana aja ndinkachita kuwalota.

Lachiwiri ndi lomwe landigwiritsa cholembera: khalidwe lovula anthu.

Mu 2021 Tabitha Chawinga, mwana wa ku Rumphi, yemwe wasewerapo Inter Milan, Paris Saint-Germain ndi Lyon, anauza atolankhani kuti ali wamng'ono anavulidwapo pa masewero a mpira kwathu konkuno chifukwa a timu ina sankakhulupirira kuti ndi mtsikana. Lero akagoletsa timaimba nthungululu kuti ndi mwana wathu. Mu Januwale 2012 mavenda anavula amayi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi ku Lilongwe ndi m'mizinda ina, pomwe lamulo la 1973 loletsa zovala zimenezi linali litathetsedwa kalekale dziko likulowa m'ndale za zipani zambiri. Onse amene anavulidwawa anali obadwa akazi. Muzikumbukira zimenezi wina akamakuuzani kuti kusecha matupi n'kuteteza amayi.

Mnzanga wina wa ku mpingo ali ndi mwana wamkazi amene amakonza njinga zamoto. Ndi wamtali, amameta mpala, ndipo amavala ovolosi monga ntchito yake ifunira. Tsiku lina analipira pa chimbudzi china pafupi ndi pokwerera minibasi n'kulowa mbali ya amayi. Mayi wina anakuwa kuti, "Mwamuna! Mwalowa mwamuna muno!" Nthawi yomweyo anyamata oitanira anali atadzaza pakhomo, mafoni m'mwamba, akukuwa kuti, "Avule tione!" Wina anali atagwira kale kolala ya ovolosi ija. Amene anamupulumutsa ndi gogo wina wogulitsa nthochi, yemwe anamasula chitenje chake chapamwamba, n'kumufunditsa, n'kutuluka naye akukalipira anyamatawo m'Chitumbuka. Wotolera ndalama pakhomo anangoima poteropo. Chichitikireni zimenezo mtsikanayu samwa madzi kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, kuti asafune chimbudzi m'tauni. Mayi ake anabwera naye kwa ine akumva kuotcha pokodza, ndipo ndinawatumiza kuchipatala chifukwa matenda a m'chikhodzodzo akalekereredwa amakwera ku impso.

Zikamachitika pa siteji timati ndi umbuli wa anyamata oitanira. Nanga zikachitika mu ofesi ya boma? Jana Gonani wa ku Mangochi, wobadwa mwamuna koma amadzitchula mkazi, anamangidwa mu 2021, ndipo mabungwe omenyera ufulu wa anthu analemba kuti wapolisi wamwamuna anamuyang'ana kumaliseche asanamutsekere m'chitokosi cha amuna. Anagamulidwa zaka 8, ndipo ndi mmodzi mwa awiri omwe anakasuma mlandu wa 2024 uja. Za mlandu wake khoti linagamula, ine sindibwerezanso. Funso langa ndi la ola loyamba lija pa kauntala ya polisi. Ndime 19 ya malamulo oyendetsera dziko lino imati ulemu wa munthu sungaphwanyidwe, ndipo imaletsa kuchitira munthu zomunyozetsa. Ndime 21 imateteza thupi la munthu ku kusechedwa mwachisawawa. Ndime 42 imati ngakhale womangidwa asungidwe mwaulemu. Sindinaonemo mawu oti kupatula amene maonekedwe ake akutidabwitsa.

Lachitatu ndikuyankhulira amayi anzanga, kuphatikizapo amene anakuwa uja. Sindikumuweruza. Mantha ake sanawatole pa Facebook. Amayi a geni ochokera ku Jenda ndi tomato, ku Nkhata Bay ndi nthochi ndi usipa, ku Karonga ndi mpunga, amafika muno usiku n'kugona pambali pa katundu wawo. M'bandakucha amafuna posamba ndi posinthira. Ndalowamo m'zimbudzi zina za m'misika ndi m'malo okwerera basi: chitseko chinathyoka n'kutsamiritsidwa pakhoma, pena pangopachikidwa chiguduli, babu linapsa, khoma lolekanitsa amuna ndi akazi lili ndi chibowo chomwe wina anachita kuboola dala, ndipo wogawa tishu pakhomo la amayi ndi mnyamata. Mayi amakodza dzanja limodzi litagwira chiguduli, maso ali kukhomo. Ena mwa amayiwa anagwiriridwapo, ndipo phazi lachimuna likamveka pakhomo thupi lonse limanjenjemera. Munthu wotere akaona mutu wampala ndi ovolosi, akuwa basi.

Choncho amayi akamati akufuna malo a amayi okha posamba, pogona ndi povula, akunena zoona ndipo ndili nawo limodzi. Mtsikana amene ali kumwezi pa sukulu yogonera konko ali ndi ufulu wochapa nsalu zake popanda diso lachimuna. Mayi wa m'wodi amene wangochitidwa opaleshoni ali ndi ufulu wotchingiridwa katani pomwe akumusambitsa. Wonena kuti amayi akukokomeza sanagonepo pa msika. Chimene ndikukana n'chakuti mantha enieniwa azilipiridwa ndi mwana wa mnzanga uja, kapena mwana wobadwa ndi ziwalo zosadziwika bwino, pomwe amene analephera kugula mahinjesi ndi babu akutolerabe ndalama pakhomo tsiku ndi tsiku. Ndalama za ziphaso za m'misika zimapita kuti ngati sizingakwanitse chitseko?

Lachinayi ndi la zitokosi ndi ndende, ndipo pano sindinamizira kuti yankho ndi lapafupi. Kutsekera munthu wa thupi lachimuna m'chipinda cha amayi omangidwa si chilungamo kwa amayiwo, amene alibe kothawira. Kumutsekeranso munthu wooneka ndi kuyenda ngati mkazi m'chipinda chodzaza amuna usiku wonse, tonse akuluakulu tikudziwa chimene chimachitika magetsi akazima, ndipo ife a chipatala ndi amene timaona mabala ake ndi zotsatira za magazi. Kale mu 2009, pa mlandu womwe anakasuma mkaidi wina dzina lake Gable Masangano, khoti linanena kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu kukuphwanya malamulo oyendetsera dziko. Malamulo a United Nations a kasungidwe ka akaidi, omwe mu 2015 anapatsidwa dzina la Nelson Mandela, amanena zinthu ziwiri nthawi imodzi: amuna ndi akazi azisungidwa padera, komanso polemba mkaidi m'kaundula azilemekeza mmene mwini wake amadzionera. Amatinso kusecha kovula zovala kuzichitika pokhapokha palibiretu njira ina, mseri, ndi anthu ophunzitsidwa. Njira yosapweteka mbali iliyonse ndi kachipinda kapadera. Ngati timapezera malo apadera mkaidi wodwala TB, chingatilepheretse n'chiyani apa?

Lachisanu ndi la kaitanidwe, ndipo sinditayapo nthawi yambiri chifukwa mkangano wa azungu wa "he" ndi "she" kwathu kuno ulibe pogwira. Timati iye kwa aliyense, ndipo kwa amene tikumulemekeza timati iwo. Vuto lathu lili pa benchi ya chipatala. Kalaliki amawerenga dzina lachimuna m'buku, akuimirira munthu wovala chitenje, ndiye m'malo momuthandiza amakodola anzake kuti, "Tabwerani mudzaone zilikunozi." Ndinaziona ndikugwira ntchito pa chipatala china. Wodwalayo amatuluka mwakachetechete, ndipo ngati anabwerera ma ARV kapena mankhwala a TB, mwezi wamawa simumuonanso. Kachilombo sikathera pa iye yekha. Chonsecho ulemu wathu unatipatsa kale njira: itanani kuti "a Phiri", "a Mhango", "a Banda", kapena nambala ya pamzere. Palibe amene wakakamizidwa kutchula "amayi" kapena "abambo" motsutsana ndi chikumbumtima chake, palibenso amene wachititsidwa manyazi. Tinalumbira kusunga chinsinsi cha wodwala, ndipo lumbiro lija silinasankhe odwala.

Ndikudziwa kuti ena awerenga mpaka apa n'kunena kuti mayi ameneyu wadya ndalama za mabungwe a azungu. Ndimadya penshoni, ndipo amene amalandira penshoni akudziwa kuti singagule munthu.

Tsono zopempha zanga ndi izi:

1. Akuluakulu a polisi atulutse lamulo lolembedwa, lopachikidwa pa kauntala iliyonse, loletsa kuvula kapena kugwira munthu pofuna kungodziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Ngati khoti likufunadi umboni wotero, upezedwe ndi dokotala, mseri, mwini wake atafotokozeredwa. Mkazi azisechedwa ndi mkazi monga lamulo linenera kale, ndipo pomwe pali chikayiko womangidwayo ayambe wafunsidwa.

2. Wovula munthu pagulu, wolimbikitsa, ndi wojambula n'kufalitsa, amangidwe ngati wina aliyense wochita zachipongwe. Mabwana a masiteji ndi makomiti a m'misika auzidwe zimenezi pamsonkhano, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka.

3. Chimbudzi chilichonse cholipiritsa chikhale ndi chitseko chokhoma m'kati, getsi, madzi, ndi khoma lofika kudenga pakati pa amuna ndi akazi. Pakhomo la amayi pakhale mayi. Wolephera zimenezi alandidwe chilolezo chotolera ndalama.

4. Pa msika, pa malo okwerera basi, pa sukulu ndi pa chipatala pakhale chipinda chimodzi cholowa munthu mmodzi, chokhala ndi khomo lakelake loyang'ana panja, chomwe aliyense angalowe osafunsidwa mafunso. Chimenechi chithandiza wa njinga ya olumala, bambo amene ali ndi mwana wamkazi wamng'ono, mayi woperekeza mwamuna wake wodwala sitiroko, komanso anthu ndawatchula m'kalatayi. Mbali ya amayi ikhalebe ya amayi. Makhansala, musavomereze pulani ya nyumba yatsopano ya anthu ambiri ngati chipinda chimenechi mulibe.

5. Polisi ndi ndende zikhale ndi kachipinda kosungiramo munthu amene chitetezo chake, kapena cha anzake, chili pachiswe akaikidwa ndi gulu. Kusungidwa padera kumeneku kusasanduke chilango chomumana dzuwa, chakudya kapena alendo.

6. Azamba, anamwino ndi alangizi a zaumoyo aphunzitsidwe chonena kwa mayi amene wabereka mwana wa ziwalo zosadziwika bwino, ndi kotumiza mwanayo msanga kuti akayezedwe. Makolo asakakamizidwe kuchonga bokosi tsiku lomwelo. Aphungu athu, kafunseni ku Nyumba ya Malamulo kuti munthu wobadwa chotere, amene analembedwa molakwika ali khanda, angakonzetse bwanji chiphaso chake cha unzika popanda kuvula pamaso pa kalaliki.

7. Aphunzitsi aakulu ndi oyendetsa masewero aletse kusecha matupi a atsikana pa mpira ndi pa mipikisano ya sukulu. Chikayiko chikakhalapo chipite kwa makolo ndi dokotala, osati kuseri kwa golo.

Kwa inu abusa anga, ansembe ndi mashehe, pempho langa silifuna bajeti. Munatha kutulutsa anthu miyandamiyanda kukayenda m'misewu mu 2023, ndiye kuti mawu anu amamveka. Phunzitsani za banja monga mwa chikhulupiriro chanu, koma pa guwa lomwelo nenaninso momveka kuti kuvula munthu pamsewu ndi tchimo, ndiponso kuti mwana wobadwa mosiyana ndi anzake si tsoka kapena ufiti. Anyamata oitanira aja ena ndi a kwaya zathu zomwe.

A Meya ndi makhansala, mfundo 3 ndi 4 zili m'manja mwanu ndipo sizidikira Lilongwe. Tikupempha kuti ziikidwe pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wa khonsolo ukubwerawu, ndipo mutiuze pa wailesi kuti ndi zimbudzi zingati zomwe zikonzedwe chaka chino, ndi za m'misika iti.

Ine wanu mwaulemu,

Mzamba wopuma ntchito,
Chibavi, Mzuzu